Chimfine cha Ogasiti chosamva mankhwala: mungu wa mkungudza ndi mphepo ya mu Harare

Chaka chilichonse, kuzizira kwa Julaye kukangoyamba kuleza, m'nyumba mwathu ku Mufakose mumayambika nyimbo imodzimodzi. Mayi a ana amayetsemula kasanu, kasanu ndi kawiri, mondondoza osapumira, misozi ili chuchuchu, mamina oyera ngati madzi a pampopi. Maso amafiira ngati akhala pa utsi wa nkhuni zaziwisi. Kwa zaka zingapo tinkangoti ndi chimfine cha mphepo ya Ogasiti. Tinamwa mandimu, tinawiritsa zumbani, tinawafunditsa bulangete pamwamba pa mphika wa masamba a bulugamu mpaka thukuta kamukamu. Mawa lake kuyetsemula kuli pomwepo. Chodabwitsa n'chakuti ine ndi ana sitinkatengera, chikhalirecho timagona m'nyumba imodzi ndi kudyera mbale imodzi.

Ine ndimasamalira maluwa ndi kapinga m'mayadi a ku Mount Pleasant ndi Marlborough, ntchito imene anandiphunzitsa amalume. Tsiku lina cha m'ma 11 koloko m'mawa, dzuwa litawala, kamphepo kakuwomba, ndinagunda mwangozi mpanda wa mkungudza ndi mpini wa leki. Panafuka chinthu chachikasu ngati utsi, n'kuyandama kudutsa pamwamba pa khoma kupita kwa aneba. Nditayang'ana ovolosi yanga, pamapewa panali ngati ndathiridwa ufa wa mgaiwa wa chimanga chachikasu. Ovolosi yomweyo madzulo ndinkaikoloweka pa msomali kuseri kwa chitseko cha kuchipinda, pafupi ndi mutu wa bedi.

Ufa wachikasu uja unali mungu wa mkungudza, ndipo zimene ndilembe pano ndi zimene tinaphunzira kuchokera tsiku limenelo. Vutoli limabwera chaka ndi chaka, ndipo limayendera nyengo. Mukadziwa kuwerenga tsiku m'mene lachera, theka la nkhondo mwathana nalo musanagule piritsi ndi limodzi lomwe.

Kodi ndi mungu kapena ndi chimfine chenicheni?

Yambani apa, chifukwa ambiri timataya ndalama posokoneza ziwirizi. Chimfine cha kachilombo chimayamba ndi kukanda kukhosi, thupi limaphwanya, nthawi zina limatentha, mamina amayamba ngati madzi kenako n'kulimba, ndipo pakatha sabata imodzi kapena masiku khumi chimakhala chapita. Chimayenderanso anthu m'nyumba, lero uyu, mkucha uyo. Cha mungu chilibe kutentha thupi. Chizindikiro chake chachikulu ndi kuyabwa: m'maso, m'mphuno, kumwamba kwa m'kamwa, ngakhale m'kati mwa makutu momwe chala sichifika. Mamina amakhala amadzimadzi mpaka kalekale. Chimakhala milungu, chimagwira munthu yemweyemweyo mwezi womwewomwewo, ndipo chimasinthasintha ndi tsiku. Lolemba munthu ali bwinobwino, Lachiwiri kukawomba mphepo wagwa nazo.

Kusinthasinthako ndiye umboni wanu. Tengani kope la mwana lotsala masamba, kwa milungu iwiri muzilemba madzulo alionse zinthu zitatu: kunja kunacha bwanji, munali kuti, ndipo zinakuvutani nthawi yanji. Ife titachita zimenezi zinaonekera poyera kuti masiku a mitambo ndi chinyezi mayi ankagona tulo, masiku ouma a mphepo ankagona chokhala.

Koma thupi likatentha, musanamizire mungu. Pitani kukliniki, ndipo ngati mwangobwera kumene kuchokera ku Malawi, ku Mozambique kapena kuchigwa cha Zambezi, auzeni akuyezeni malungo. Chifuwa chopitirira milungu iwiri, chophatikiza kutuluka thukuta usiku ndi kuwonda, n'choyezetsa TB.

Mtengo wolakwa ndi uti?

Mu Harare aliyense amaloza jakaranda. M'pomveka, chifukwa mu Sepitembala ndi Okutobala misewu ya ku Avenues imasanduka yofiirira mobiriwira, ndipo anthu akuyetsemula nthawi yomweyo. Koma mtengo wamaluwa okongola ndi onunkhira umakhala ukuitana njuchi. Mungu wake ndi wolemera, womata, woti unyamulidwe pa miyendo ya tizilombo. Mitengo yovuta ndi ija yopanda maluwa ooneka, imene inapangana ndi mphepo. Yotereyi imamwaza mungu wochuluka zedi, pakuti mphepo ndi mtumiki wosasamala, wambiri umatayikira panjira.

Mkungudza uli m'gulu limeneli. Pamene agogo athu a ku Mulanje akuti mkungudza amanena mtengo wa paphiri paja, Widdringtonia whytei, mtengo wa fuko la Malawi, wa matabwa onunkhira osadyedwa chiswe. Mbale wake, Widdringtonia nodiflora, amamera m'mapiri a Nyanga ndi Chimanimani. Umene tili nawo m'mipanda ndi m'mayadi mu Harare muno nthawi zambiri ndi saipuresi wobwera, monga Cupressus lusitanica wochokera ku Mexico ndi maiko oyandikana nalo, amene kwathu timangomutchanso mkungudza. Yonseyi ndi banja limodzi, ndipo thupi limene ladana ndi mungu wa umodzi kawirikawiri limadananso ndi wa inzake.

Banja lomweli ndi limene limasautsa anthu a ku Japan. Kumeneko mtengo wake amautcha sugi. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha anaudzala wambirimbiri m'mapiri kuti apeze matabwa, ndipo mitengoyo itakula, mungu wake wa pakati pa Febuluwale ndi Epulo unakhala vuto la dziko lonse, lokhudza anthu pafupifupi anayi mwa khumi alionse. Mu 2023 boma la nduna yaikulu Fumio Kishida linalengeza zoti lichepetse nkhalango zodzalidwa za sugi ndi 20 peresenti m'zaka khumi. Ku Texas, m'dziko la America, nako kuli mtengo wa banja lomweli, Juniperus ashei, umene umafuka pakati pa Disembala ndi Febuluwale. Miyezi yawo ndi yawo, musaitengere kuno. Chimene tingatengeko ndi m'mene mungu umamverera nyengo, chifukwa zimenezo n'zofanana kulikonse.

Pofuna kudziwa ngati mtengo wa pabwalo panu wayamba, yang'anani kunsonga kwenikweni kwa timasamba. Mudzaona timibulu tating'onoting'ono, tosafika ndi kambewu ka mpunga komwe. Timeneti ndi tachimuna, mosiyana ndi zibalobalo zozungulira zija zokhala ngati timipira, zimene zimasunga mbewu. Tikakhala tobiriwira ndi tolimba, nthawi sinakwane. Tikasanduka tachikasu, imani kumene mphepo ikuchokera, mumange kansalu kumphuno, mugwedeze nthambi ndi ndodo. Pakafuka, basi nyengo yatseguka. M'mayadi amene ndimagwiramo ndimaona zimenezi kuyambira kumapeto kwa chisanu mpaka cha mu Sepitembala, ndipo mitengo siyambira limodzi, wina umatsogola wina n'kutsalira.

Awiri ena amene amanamiziridwa: paini ndi sindereya. Ufa wachikasu umene mumaupeza pagalasi la galimoto kapena woyandama pamadzi a m'diramu nthawi zambiri ndi wa paini. Umaoneka kwambiri chifukwa timbewu take n'tokulirapo, koma anthu amene umawadwalitsa ndi ochepa poyerekeza ndi mkungudza. Sindereya, Toona ciliata, azungu amautchula ndi dzina lofanana ndi la mkungudza, koma si pachibale n'komwe. Ndi wa banja la mbawa.

M'mene nyengo imayendetsera mungu

Apa ndipo pagona nkhani. Kamubulu kachimuna kaja kali ngati khoko la nyemba zouma, kamatseguka kakauma. Usiku ndi m'mamawa, mame akadali pa kapinga, mpweya uli ndi chinyezi, kamakhala kotseka. Dzuwa likakwera, mpweya n'kufunda ndi kuuma, timamba take timayasama ndipo kamphepo kakang'ono kokha n'kokwanira kukutumula ufawo. Choncho mungu umafuna zinthu zitatu pamodzi: kufunda, kuuma ndi mphepo. Chimodzi chikasowa, tsikulo limakhala lopepukirako. Zitatuzi zikakumana, konzekani.

Tsopano ganizirani za Harare mu Ogasiti. Mzinda uli pamtunda, mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere. Mvula yeniyeni inaleka cha mu Epulo. Kumwamba kuli mbee, m'mawa kuzizira koluma zala, pofika 10 koloko juzi wavula. Ndiye mwezi wake wa mphepo ndi womwewu, aliyense amene anayanikapo zovala mu Ogasiti akudziwa. Mtengo sungapemphe zoposa pamenepa.

Kambewu kamodzi ka mungu wa mkungudza n'kakang'ono kwambiri. Mutandanditsa timbewu 30 kapena 40 mpamene mungakwanitse milimita imodzi. Mpweya uli duu, kamatsika pang'onopang'ono n'kugwera pafupi ndi mtengo. Koma masana nthaka ikatentha, mpweya wofunda umakwera m'mwamba ngati utsi wa ng'anjo, n'kunyamula mungu kupita nawo pamwamba pa madenga ndi mitengo, kumene mphepo ili yamphamvu. Kamvuluvulu amene mumamuona akuvina pa bwalo la mpira atanyamula mapepala ndi chithunzi chooneka cha zimene zikuchitika mosaoneka tsiku lonse. Ukafika m'mwambamo ulendo wake umatalika. Mungu wa ku Texas uja umakapezeka mpaka mumzinda wa Tulsa ku Oklahoma, makilomita mazanamazana kuchokera kumene mitengoyo ili, mphepo ya kum'mwera ikawomba.

Dzuwa likapendeka, nthaka imazizira, mpweya umaleka kukwera, ndipo zonse zimene zinapita m'mwamba zimayamba kutsika. N'chifukwa chake tsiku limakhala ndi nthawi ziwiri zoipa: chakumasana pamene mitengo ikumwaza, ndi chakumadzulo dzuwa litangolowa pamene wa m'mwamba uja ukubwerera pansi. Nthawi yachiwiriyi ndi imene imatipeza ambiri tili pamzere wa kombi pa Copacabana kapena pa Market Square, kenako n'kufika kunyumba n'kutsegula mazenera onse kuti mulowe kamphepo. M'nyengo yachisanu palinso china. Usiku wopanda mitambo mpweya wozizira umagona pansi, wofunda uli pamwamba pake ngati chivundikiro, ndipo utsi wa mbaula, wa zinyalala zotenthedwa ndi wa moto wa m'tchire umangokhala pomwepo osakwera. Mudzauona m'mawa uli yalaa m'madambo, motsata mtsinje wa Mukuvisi kapena Marimba. Utsi si mungu, koma mphuno yotupa kale ndi mungu ikakumana nawo, ndi tsabola pachilonda.

Masiku opumira ndi a guti. Anzathu a Chishona amatcha choncho nyengo ija ya mitambo yotsika, kuzizira ndi mvula yowaza, imene imabwera ndi mpweya wachinyezi wochokera kunyanja ya ku Mozambique. Kwathu ndi chiperoni, dzina lochokera ku phiri la Chiperone. Timibulu timatseka, wa mumpweya umanyowa n'kugwa. Ngati muli ndi bulangete loti muyanike kapena ulendo wa ku Mbare Musika, tsiku lake ndi limenelo, ngakhale bulangetelo lichedwe kuuma. Koma chenjerani ndi tsiku limene guti wachoka. Mitengo inali itasunga mungu wa masiku awiri kapena atatu, ndipo dzuwa likangotuluka ndi mphepo imamasula wonse nthawi imodzi. Kwa mayi a ana, tsiku loipitsitsa pa mwezi nthawi zonse limakhala lotsatana ndi labwino kwambiri.

Nyengo ya chaka chatha nayo ili ndi mbali yake. Ku Japan anaona kuti chilimwe chikakhala chotentha ndi chadzuwa kwambiri, sugi amabala timibulu tambiri, ndipo chaka chotsatira mungu umachuluka. Alinso ndi kawerengedwe kawo kongoyerekezera: kuyambira pa 1 Januwale amaphatikiza kutentha kwapamwamba kwa tsiku lililonse, ndipo chiwerengero chikamayandikira madigiri 400 amadziwa kuti mungu uli pakhomo. Ife tilibe chifukwa chowerengera choncho, ndodo ndi nthambi zimatiuza. Koma phunziro lake ndi lakuti zaka sizifanana, ndipo chisanu chikafunda msanga, yambani kuyang'ana nsonga za mpanda msanga.

Zonsezi mungazione pa foni. Ine sindiyang'ana kutentha kokha. Ndimayang'ana chinyezi ndi liwiro la mphepo ya masana. Chinyezi chikamatsikira cha m'ma 30 peresenti, mphepo ikupitirira makilomita 15 kapena 20 pa ola, ndimawauza mayi kuti, "Amayi, mawa zochapa ziyanikidwe m'nyumba." Manambalawa ndi muyezo wanga wa pakhomo, inu mudzapeza wanu m'kope lija. Zolosera za a zanyengo a Meteorological Services Department, amene likulu lawo lili ku Belvedere, zimathandizanso, makamaka akanena za mphepo yamphamvu kapena guti.

"Ndatseka mazenera, koma usiku ndiye zikunyanya"

Ndiye kuti mungu mwalowa nawo nokha. Fufuzani njira zake. Yoyamba ndi zovala za kuntchito, ngati ovolosi yanga ija. Juzi yaubweya, chipewa choluka ndi bulangete lofunda pa kombi m'mawa zimagwira mungu ngati ulimbo. Yachiwiri ndi tsitsi. Mawigi, maweave ndi tsitsi lodzola mafuta zimasonkhanitsa ufa tsiku lonse, kenako usiku zonse zimathera pa pilo, mphuno ili pomwepo maola asanu ndi atatu. Yachitatu ndi zochapa. Shiti yonyowa yoyanikidwa panja kuyambira 10 koloko mpaka madzulo tsiku la mphepo ndi sefa yeniyeni.

Kwathu tinachita izi. Ovolosi ndimavulira kuntchito, ndimabwera nayo m'jumbo yomanga Lachisanu lokha, ndipo imalowa m'madzi isanalowe m'nyumba. Ndikafika ndimasamba kaye kumaso, m'manja ndi m'mutu ndisanakhale pampando. Mayi amavala duku akatuluka, n'kulivula pakhomo, ndipo ali ndi lina logonera. Mashiti ndi mapilokesi amachapidwa m'mamawa, n'kuanulidwa nthawi isanakwane 10, n'kumalizira kuuma pachingwe cha m'nyumba. Madzi akavuta, monga amavutira kuno, kabeseni kamodzi kotsukira kumaso ndi nsalu yonyowa yopukutira tsitsi n'zokwanira.

Mazenera musawatseke tsiku lonse, nyumba ingasanduke ng'anjo. Tsegulani m'bandakucha, mame asanaume, ndi usiku kwambiri mphepo itagona. Tsegulani a mbali imene mphepo ikupita, a mbali imene ikuchokera akhale otseka. Ndipo tsache lisiyeni. Kusesa pouma kumangodzutsa zimene zinagona. M'nyumba kolopani, pamatebulo ndi pamafelemu a mazenera pukutani ndi nsalu yonyowa. Pabwalo wazani madzi otsukira mbale musanasese, ndipo wosesayo asakhale wodwalayo. Ndikudziwa kuti kwathu mayi wosasesa pabwalo m'mawa amanenedwa. Anene. Kwathu amasesa ndi mnyamata wanga wamkulu.

"Kwathu kuno kulibe mkungudza ndi umodzi womwe"

Alamu anga a ku Dzivarasekwa anatsutsa choncho. "Alamu, mwaona mtengo wanji pano kupatula mango ndi mapeyala?" Zoona, mitengo yambiri yotere ili m'mayadi akuluakulu a kumpoto ndi kum'mawa kwa mzinda, Highlands, Greendale, Borrowdale ndi kwina. Koma mphepo ya mu Harare nthawi zambiri imachokera cha kum'mawa, ndipo malokeshoni athu ambiri, Highfield, Glen View, Kambuzuma, Mufakose, Dzivarasekwa, ali kumadzulo ndi kum'mwera cha kumadzulo. Atsamunda anatiika kumene utsi wa mafakitale umalowera, ndipo njira ya utsi ndi yomweyonso ya mungu.

Komabe musathamangire kutali musanayang'ane pafupi. Mungu wambiri umagwera kufupi ndi mtengo wake, ndipo mtengo umodzi wa pa mamita makumi awiri umaposa nkhalango ya kutsidya kwa mzinda. Yendani njira yanu ya tsiku ndi tsiku maso ali m'mwamba: mpanda wa sukulu, bwalo la tchalitchi, kumanda, pa kliniki, poimikira kombi. Alamu anaupeza wawo kuseri kwa malo amene amagulitsira matayala, mzere wa mitengo isanu imene ankakhala pamthunzi pake tsiku lonse. Anasamutsa benchi kupita mbali yochokera mphepo. Sanachire, koma mpango wa m'thumba unayamba kufika madzulo usananyowe.

Pamalo a konkire ndi phula pali vuto lina. Mungu ukagwera pa udzu kapena dothi lonyowa umakhala pomwepo. Ukagwera pa phula, galimoto iliyonse yodutsa imaudzutsanso. N'chifukwa chake m'tauni, mmene mulibe mitengo yambiri yotere, munthu amathanso kuvutika. Mu kombi pewani mpando wa pazenera lotsegula. Masiki ija tinazolowera nthawi ya Covid-19 imatchinga mungu bwino ndithu, pakuti timbewu take n'tatikulu kuposa tizilombo timene inkatchinga. Magalasi a dzuwa amateteza maso, ndipo ka Vaseline pang'ono m'mphepete mwa mphuno kamagwirako wina asanalowe.

"Mvula yagwa, bwanji zaipiraipira?"

Mvula yofatsa, yogwa maola angapo, imatsuka mpweya. Ya mabingu ndi ina. Isanagwe imatsogoza chimphepo chozizira chimene chimakokolola fumbi ndi mungu wonse, wa pansi ndi wa m'mwamba, n'kuuponya kumaso kwa anthu. Chinanso, mungu ukamwa madzi umafufuma n'kuphulika, ndipo tizidutswa take timakhala tating'ono moti sititsalira m'mphuno, timatsikira m'mapapo. Pa 21 Novembala 2016 mumzinda wa Melbourne ku Australia mvula yotere inagwa nthawi ya mungu wa udzu, anthu zikwizikwi anabanika ndi mphumu usiku umodzi, ndipo khumi anamwalira. Uwo unali mungu wa udzu, osati wa mkungudza, koma munthu amene mphuno yake imadana ndi mungu, makamaka wa mphumu, asamaime pakhonde kununkhiza fungo la mvula yoyamba ya Okutobala kapena Novembala. Kumwamba kukada, mphepo n'kutembenuka, lowani, tsekani, mutuluke itagwa kwa kanthawi.

"Mankhwala ndikumwa, sakugwira"

Funso loyamba: mankhwala ake ati? Amoxicillin ndi anzake amapha mabakiteriya, ndipo pano palibe bakiteriya. Mapiritsi osakaniza a chimfine amangopepuza mutu. Ofunika ndi oletsa kuyabwa ndi kuyetsemula. Chlorpheniramine, amene ambiri timamudziwa ndi dzina la Piriton kapena Allergex, ndi wotchipa koma amagonetsa. Woyendetsa kombi, wogwira makina kapena mlonda wa usiku asamwe ameneyu ali pantchito. Cetirizine ndi loratadine amamwedwa kamodzi patsiku ndipo sagonetsa kwambiri, ngakhale cetirizine ena amawalemeretsabe zikope.

Funso lachiwiri: mukumwa liti? Ambiri timadikira mphuno itseke kaye. Mankhwalawa amagwira bwino akatsogola. Foni ikaonetsa kuti mawa ndi louma ndi lamphepo, kapena guti akuchoka, imwani mungu usanakupezeni.

Ngati vuto lalikulu ndi kutseka kwa mphuno, mapiritsi okha sakwanira. Funsani kufamase kapena kukliniki za mankhwala opopera m'mphuno a beclomethasone kapena fluticasone. Awa sagwira tsiku lomwelo. Amafuna masiku angapo, nthawi zina milungu iwiri, akupoperedwa tsiku lililonse, ndipo anthu ambiri amawataya pa tsiku lachitatu n'kumati ndi achabe. Yambani milungu iwiri nyengo yanu isanafike. Popopera weramitsani mutu pang'ono, mulozetse kamlomo ka botolo chakukhutu, osati pa chichereŵechereŵe cha pakati pa mphuno, ndipo musakokere mwamphamvu mpaka mankhwala kutsikira kukhosi.

Pali ena opopera amene amatsegula mphuno m'mphindi zochepa, oxymetazoline ndi xylometazoline. Amakoma, ndipo msampha wake ndi womwewo. Mukapitirira masiku asanu kapena sabata, mphuno imayamba kutseka chifukwa cha mankhwala omwewo, ndipo botolo silichokanso m'thumba. Mayi a ana anagwamo chaka china, ndipo kuwasiyitsa kunatenga milungu ya mkonono ndi kudandaula.

Chotchipa kuposa zonse ndi madzi a mchere. Wiritsani madzi, muwasiye azizire mpaka akhale ofunda pang'ono, musungunule theka la supuni yaing'ono ya mchere mu kapu imodzi. Tsukani mphuno ndi sirinji yopanda singano, mutaweramira pa beseni, pofika kunyumba madzulo. Madzi akhale owiritsa nthawi zonse, a pampopi, a pachitsime kapena a pa mjigo chimodzimodzi. Mukatsuka ndiye mupopere mankhwala, osati kutsogoza mankhwala. Amayi oyembekezera, oyamwitsa, ana aang'ono ndi a BP ayambe afunsa namwino kapena dokotala asanamwe chilichonse.

Chimodzi chokha sichidikira mawa. Pachifuwa pakamalira ngati mluzu, munthu akulephera kumaliza chiganizo osapumira, nthiti zikukokeka, kapena milomo yasintha mtundu, imeneyo ndi mphumu yoopsa. Apopere salbutamol, mankhwala a mphumu opopera m'kamwa, ngati ali naye ndipo muthamangire naye kuchipatala nthawi yomweyo, usiku kapena usana.

Nanga mpandawo tiudule?

Musafulumire kugwira nkhwangwa. Mpanda wa mkungudza umatchinga fumbi la mumsewu ndi maso a odutsa, ndipo ngati ndinu alendi kapena antchito, si wanu woti mugwetse. Chimene chimathandiza ndi nthawi yometa. Timibulu tachimuna timabadwira kunsonga, ndiye mpanda wometedwa kawirikawiri umabala tochepa kusiyana ndi mtengo wongosiyidwa kukula m'mene ufunira. Metani timibulu tikadali tobiriwira, cha mu Meyi kapena Juni, musadikire kuti tichite chikasu. Musalowe kwambiri mpaka pa nthambi zouma za m'kati, chifukwa saipuresi saphukiranso pa mtengo wokalamba, mudzasiya chibowo chofiira chosatsekeka mpaka kale.

Mukachedwa, timibulu tapsa kale, metani m'mamawa mame akadalipo, kapena tsiku la guti, kapena muyambe mwawaza mpandawo madzi. Valani masiki ndi chipewa, muime mbali yochokera mphepo. Zometazo longedzani m'matumba zikadali zonyowa. Mukaziunjika padzuwa zimauma n'kupitiriza kufuka, ndipo mukazitentha mwawonjezera utsi pa vuto lomwelo.

Pa yadi ina imene ndimagwira, mwini wake ankafuna mpanda uzimetedwa mu Ogasiti, kuti uzioneka bwino nyengo ya alendo. Mwana wake ankapita kusukulu maso ali psuu chaka chilichonse, ndipo zenera la chipinda chake linali mamita atatu kuchokera pampandapo, mbali ya kum'mawa. Ndinawaitana tsiku lina masana, "Madamu, taimani apa muone," n'kugunda nthambi kamodzi. Anayang'ana utsi wachikasuwo ukulowa pazenera, anakhala chete, kenako anafunsa kuti Juni ndili ndi tsiku liti lopanda ntchito. Mitengo iwiri ya pafupi ndi zeneralo tinaichotsa chaka chotsatira n'kudzala hibisikasi, wa maluwa oitana njuchi ndi mbalame.

Ngati mwachita zonsezi, Okutobala wadutsa, mvula yakhazikika, koma mu Januwale ndi Febuluwale kuyetsemula kwabwereranso, musabwererenso ku mkungudza. Nyengo imeneyo ndi ya udzu, umene umachita ngayaye m'madambo ndi m'mphepete mwa misewu, ndipo chimanga cha m'minda ya m'tauni nacho chimakhala chikumwaza wake. Tsegulani tsamba lina m'kope lija, mulembe deti, ndipo mukapita kwa dokotala mulitenge, mufunse ngati angakuyezeni pakhungu kuti adziwe mungu weniweni umene thupi lanu limakana.